Nyimbo za Final Fantasy VII: uyambire pa za 1997, za piyano, za okestra kapena za Remake?

Mphwanga wina anamaliza Final Fantasy VII Remake, gemu ya 1997 imene anaipanganso mwatsopano, pa PS4 ya mnzake ndiye nyimbo zake zinamukanirira m'mutu, analowa pa Spotify kuti azisake n'kupeza zimbale mbwee, mayina ofanana, zikuto zofanana, nyimbo imodzi yomweyo ikupezeka kambirimbiri koma paliponse ikumveka mwina. Ananditumizira voisi noti kuti achimwene zenizeni ndi ziti apa, ndiyambire pati? Tsiku limenelo ndinangomuyankha kuti yamba ndi zakale, koma yankho lake si lalifupi choncho, nde ndati ndifotokoze bwinobwino, mwina enanu muli pa mphambano yomweyo. Ndichenjezeretu kuti ndiulula zina za m'nkhani ya gemuyi, koma abale gemu ya 1997, amene simunaidziwe mpaka lero musandiimbe mlandu.

Amene anapeka nyimbozi ndi Nobuo Uematsu, bambo wa ku Kochi ku Japan, wobadwa mu 1959, ndipo chodabwitsa n'choti sanapite kusukulu ya zoimba, piyano anadziphunzitsa yekha ali mwana. Ndi yemweyo anapeka nyimbo za Final Fantasy kuyambira yoyamba ija ya 1987. Ndiye zambiri zimene nditchule apa, kaya zaimbidwa ndi okestra ya ku London kaya ndi magitala aphokoso, gwero lake ndi mutu wa munthu mmodzi ameneyu, kusiyana kwake n'koti ndani wazikonzanso ndipo wazikonzera chani.

Chimbale choyambirira, chija amachilemba kuti Original Soundtrack, chinatuluka mu February 1997 patangopita masiku ochepa gemu itatuluka ku Japan pa 31 January. Ma CD 4, nyimbo 85, maola opitirira anayi ndi theka. Ukangoyamba kumvera chinthu choyamba chimene khutu limaona n'choti zida zake si zenizeni, malipenga akumveka ngati apulasitiki, mavayolini ngati akuchokera mu kiyibodi ya kutchalitchi cha kumudzi, ndipo achinyamata ambiri amathawira pomwepa. Koma chifukwa chake chilipo. PlayStation inkatha kuseweretsa nyimbo zojambuliratu ngati za pa CD wamba, Uematsu anakana njira imeneyo ataona kuti gemu izichedwa kutsegula nthawi iliyonse ukalowa malo atsopano kapena nkhondo ikayamba, ndiye anasankha kuti kachipangizo ka mawu ka mkati mwa makinawo kazidziimbira kokha potsatira manotsi amene iye walemba. Kachipangizoko kali ndi mizere ya mawu 24, koma 8 anaisiyira maphokoso a malupanga, mfuti ndi zina zotero, iye n'kutsala ndi 16. Pa Super Nintendo pomwe anapangira Final Fantasy VI anali ndi 8 yokha, ndiye kwa iye apa kunali kutambasuka kale.

Tsono chimene ine ndimakondera chimbale chimenechi si chifundo choti anavutika ayi. Mu gemu ya 1997 anthu ake salankhula, palibe liwu la munthu, mawu amangolembedwa mu kabokosi ka buluu, ndipo tianthu take n'tokhala ngati zidole, manja ngati zidutswa za sopo, nkhope yopanda ndi pakamwa pomwe. Ndiye ntchito yonse yolira, yokwiya, yochita manyazi, inagwera nyimbo. Uematsu sakanabisala kuseri kwa kukoma kwa zida poti zidazo sizinali zokoma, amayenera kupeka kanyimbo koti ukakamva kawiri uzikaimba mluzu uli kubafa. N'chifukwa chake Tifa's Theme, Cosmo Canyon ndi ng'oma zake zija, ngakhale ka Gold Saucer kosokosa kaja, zonse zimakhala ndi msana woonekera, ukhoza kuzichotsa chilichonse n'kutsala ndi chala chimodzi pa kiyibodi koma uzizizindikirabe.

Pali malo amodzi amene ndimauza aliyense kuti apa mpamene pali umboni. Aerith, mtsikana wa m'gulu lako, akugwada kupemphera mu mzinda wina wakale, Sephiroth, mdani wamkulu wa mu gemuyi, akutsika kuchokera kumwamba ndi lupanga, basi zachitika. Kamwala koyera kamene kanali m'tsitsi lake kakugwa, kakudumphadumpha pa masitepe mpaka kukagwera m'madzi, ndipo Aerith's Theme ikuyamba pang'onopang'ono. Mpaka apa palibe chachilendo, gemu iliyonse ikanatero. Koma kenako nkhondo ndi chilombo chotchedwa Jenova ikuyamba pompo ndipo nyimbo ya nkhondo sikubwera, ya Aerith ija ikungopitirira, iwe ukusankha zomenyera pa menyu maso ali ndi misozi, nyimbo yofatsa ikulira pamwamba pa kumenyana. Ine nthawi yoyamba ndinkadikira kuti isintha tsopano, isintha tsopano, osasintha. Okestra ina iliyonse ikamaimba nyimbo imeneyi lero ikudyera pa mphindi zimenezi.

Zofooka zake ndisabise. Pa nyimbo 85 pali zingapo ndithu zongodzazira, za mphindi imodzi zoti zinapangidwira kachigawo kamodzi basi, ndipo poti mu gemu nyimbo imangozungulira osatha, pa chimbale zambiri amazibwereza kenako n'kuzizimitsa pang'onopang'ono, zilibe mathero enieni. Komanso samalani pa YouTube, pali zina zojambulidwa kuchokera ku gemu ya pa kompyuta ya 1998 yomwe nyimbo zake zinkadalira kadi ya mawu ya kompyuta yako, zambiri zimamveka zowuma moipa, musaweruze Uematsu ndi zimenezo.

Chaka chomwecho mu October kunatuluka Reunion Tracks, CD imodzi, nyimbo 19. Zambiri n'zomwe zija za choyambirira angosankha zotchuka, koma zitatu anaziimbitsa ndi okestra yeniyeni mokonzedwa ndi Shiro Hamaguchi: Main Theme, One-Winged Angel ndi Aerith's Theme. Ngati maola anayi akukuopsani ichi ndiye chidule chabwino, palibenso zambiri zoti ndinene.

Hamaguchi yemweyo ndi amene anakonza Piano Collections ya mu December 2003, woimba piyano ndi Seiji Honda, nyimbo 13. Ichi ndiye chimbale chimene ndachimvera kwambiri pa zonse, osati poti ndi chopambana koma poti chimalola munthu kugwira ntchito, kuwerenga, kulemba, osakukoka khutu mphindi iliyonse. Tifa's Theme pa piyano imakhala ngati inabadwira pomwepo. Koma musaganize kuti n'zogonetsa zokhazokha, Those Who Fight ya pa piyano ndi yaukali zedi, dzanja lamanzere likugunda ngati ng'oma, moti anaitenga n'kuiika mu Advent Children, filimu yopitiriza nkhani ya gemuyi, pamene Tifa, mtsikana winanso wa m'gululi, akumenyana ndi mdani wina dzina lake Loz mu tchalitchi, piyano yokha basi koma fumbi kobo. Pomwe chimandikhumudwitsa ndi One-Winged Angel, woimbayo anayesetsa ndithu koma nyimbo imeneyo popanda kwaya ili ngati nsima yopanda ndiwo, umakhuta koma sukondwa. Ndipo ngati mumamvera pa sipika ya foni, piyano imeneyi theka lake limasowa, pezani mahedifoni olo otchipa.

Kumbali ya okestra njira zilipo ziwiri ndipo anthu amazisokoneza pomwe n'zosiyana kutalitali.

Distant Worlds inayamba mu 2007 ku Stockholm pokumbukira zaka 20 za Final Fantasy, wotsogolera ndi Arnie Roth, chimbale choyamba anajambula ndi Royal Stockholm Philharmonic Orchestra, ndipo mpaka pano amazungulira mayiko kuimba kumbuyo kuli sikirini yaikulu yoonetsa zithunzi za m'magemu. Cholinga chawo n'chosabisa, akufuna umve nyimbo imene umaidziwa, momwe umaidziwira, kungoti tsopano malipenga ndi enieni ndipo kwaya ndi ya anthu ambiri. Opening - Bombing Mission yawo imandiimitsa tsitsi nthawi zonse, pamene sitima ikufika pa siteshoni mu Midgar, mzinda umene gemu imayambira. Vuto n'loti zimbale zawo n'zosakaniza ma Final Fantasy onse, za VII zimangopezeka apo ndi apo, ndiye ngati ukufuna VII yokha uyenera kudzipangira pleyilisiti. Komanso nthawi zina amanyadira ukulu, kanyimbo kamene kanali kakachetechete mu gemu akakapatsa mavayolini onse kamasanduka ka mapeto a filimu, chisoni chija chimachepa.

Final Symphony ndi nkhani ina. Anayambitsa ndi Thomas Böcker wa ku Germany mu 2013, ndipo gawo la Final Fantasy VII analemba ndi Jonne Valtonen wa ku Finland, chimbale chake anajambula ndi London Symphony Orchestra ku Abbey Road n'kutuluka mu 2015. Valtonen sanatenge nyimbo imodziimodzi n'kuzivala suti ayi, anaziphwanya zonse n'kumanga chinthu chimodzi cha zigawo zitatu, pafupifupi mphindi 45. Gawo loyamba ndi la Sephiroth ndi zimene zinachitika ku Nibelheim, kwawo kwa Cloud yemwe ndi mwini nkhani mu gemuyi, lachiwiri ndi la Cloud, Tifa ndi Aerith, lachitatu ndi la nkhondo yomaliza. Mu gawo lachiwiri nyimbo ya Tifa ndi ya Aerith zimalowererana, ina ikayamba inzake ikuidula, ngati momwe mtima wa Cloud ukukokedwera uku ndi uku, ndipo palibe amene akukuuza, ukungomva wekha. Mu loyamba One-Winged Angel imabwera zidutswazidutswa, kukunyengerera, kukana kutuluka yonse mpaka nthawi yake. Kunena zoona ulendo woyamba sindinachikonde, ndinkangoti kodi nyimbo yanga ija iyamba liti, panali malo ena ongomveka phokoso losagwirizana. Ulendo wachitatu mpamene ndinagwidwa. Koma ichi si cha munthu woyamba kumene, ngati nyimbo zoyambirira suzidziwa pamtima sungaone zimene akusewera nazo, uzangoti okestra yasochera.

Tsono kwa okonda magitala. Uematsu mumtima mwake ndi munthu wa rock ya m'ma 1970, ndipo mu 2002 iye ndi anzake a ku Square (kampani yopanga gemuyi, pano ndi Square Enix), Kenichiro Fukui ndi Tsuyoshi Sekito, anapanga bandi yotchedwa The Black Mages, iye mwini ali pa kiyibodi. Anatulutsa zimbale zitatu, 2003, 2004 ndi 2008, bandi n'kutha mu 2010. Pa choyamba pali J-E-N-O-V-A ndi Those Who Fight Further, ndipo iyi yachiwiriyi ukaimva umazindikira kuti kuyambira kale inali nyimbo ya bandi, PlayStation inkangoyesezera gitala. Zabwino pothamanga, pochapa, poyendetsa galimoto usiku. Koma za VII n'zochepa, ndipo ma solo ake nthawi zina amatalika mpaka kuiwala komwe tinachokera. Amene mukufuna kukoma komweku koma kwa VII yokha pitani ku nyimbo za Advent Children ya 2005, kuli Advent: One-Winged Angel yomwe anaphatikiza bandi, okestra ndi kwaya pamodzi.

Ndafika pomwe mphwanga uja anayambira. Remake inatuluka pa 10 April 2020, nyimbo zake anatsogolera ndi Masashi Hamauzu, yemwe anapeka za Final Fantasy XIII, ndi Mitsuto Suzuki, pamodzi ndi gulu lalikulu la okonza, Uematsu anangopeka yatsopano imodzi, Hollow, yoimbidwa ndi Yosh wa bandi ya Survive Said The Prophet. Chimbale chake ndi ma CD 7, nyimbo zopitirira 150, maola opitirira 8, ndipo kumbukirani kuti gemu yonseyo ikuthera mu Midgar mokha, kachigawo kamene mu 1997 kanali ka maola ochepa oyambirira. Rebirth, gemu yopitiriza pomwe Remake inalekezera, ya pa 29 February 2024, ndiye inachita kunyanya, nyimbo za mu gemu zimapitirira 400, ndi No Promises to Keep ya Uematsu yoimbidwa ndi Loren Allred. Zonse ziwiri zinawina mphoto ya nyimbo zabwino ku The Game Awards, mu 2020 ndi mu 2024, ndipo sindikutsutsa, anayenera.

Chimene anachita anthuwa n'chanzeru. Nyimbo imasintha malinga ndi zimene ukuchita, ukuyenda mu Sector 5, chigawo china cha Midgar, ikumveka yofatsa, adani akangotulukira nyimbo yomweyo ikuthamanga ng'oma zikulowa osaduka, ukawamaliza ikubwerera mwakachetechete. Nkhondo ya Airbuster ndiye chitsanzo chake, anatenga Those Who Fight Further ija n'kuigawa m'magawo, chilombo chachitsulo chija chikasintha kamenyedwe nyimbo nayo ikukwera, gitala, kenako okestra, kenako kwaya, ukamafika kumapeto manja ali thukuta. Mu gemu palibe chimene chingapose zimenezi. Koma pa chimbale, utakhala pa mpando kontirola palibe, zinthu zimasintha. Umamva nyimbo imodzi kanayi kasanu m'zovala zosiyana, ya jazi, ya zamagetsi, ya nkhondo, ya pang'onopang'ono, ndipo zina umachita kuona kuti zikudikira chinachake chichitike pa sikirini chomwe iwe sukuchiona. Komanso poti tsopano anthu ake amalankhula ndipo nkhope zawo zimaoneka mpaka misozi, nyimbo nthawi zambiri imabwerera kumbuyo kupereka mpata, sikunyamulanso katundu yense ngati kale. Si kulakwa, ntchito yake yasintha basi. Ndipo za bandulo musaiwale, maola 8 si masewera, dawunilodani pa wayifayi.

Njira yachangu yodziwira mbali yanu ndi kutenga One-Winged Angel n'kuimvera m'mitundu yonse motsatizana. Iyi inali nyimbo yoyamba mu Final Fantasy kukhala ndi mawu a anthu oimba, a Chilatini, otengedwa mu ndakatulo zakale za Carmina Burana, ndipo Uematsu amafotokoza kuti sanaipeke kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ankalemba tizidutswa tatifupi tsiku ndi tsiku kenako n'kutisanja mpaka titagwirizana, m'mutu muli Stravinsky ndi Jimi Hendrix. N'chifukwa chake imadumphadumpha ngati munthu wosokonezeka. Ya 1997 kwaya yake ndi yopyapyala, yofinyidwa kuti ikwane mu makina, koma kuwuma komweko kumaipangitsa kukhala yoopsa, ngati mawu akuchokera m'chitsime. Ya Hamaguchi ndi ya Distant Worlds ndi zaulemerero, zoti anthu aimirire kuwomba m'manja. Ya Advent Children ndi yaukali. Ya Remake ndi yaitali ndipo imakuzunza dala isanakupatse chimene ukudikira. Imene yakugwirani pamenepo, chimbale chake n'chimene muyambire. Ine yanga ndi ya m'chitsime ija.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamasocheretsa anthu posaka ndi mayina. Nyimbozi zinamasuliridwa kuchokera ku Chijapani kangapo ndiye imodzi imakhala ndi mayina awiri atatu, Those Who Fight ndi yomweyo Let the Battles Begin!, Those Who Fight Further ndi yomweyo Fight On! kapena Still More Fighting, ndipo Aerith pa zimbale zakale amamulemba Aeris. Square Enix inaika zimbale zambiri za Final Fantasy pa Spotify ndi Apple Music mu 2019, ndiye choyambirira chija n'chosavuta kuchipeza, ingoonetsetsani kuti pa dzina la woimba palembedwa Nobuo Uematsu, poti ongotengera n'kuimbanso okha aliponso ambiri, ena abwino ena ayi.

Ndiye mphwanga uja ndinamuuza chonchi. Iwe wabwera kudzera ku Remake, makutu ako anazolowera okestra, ndiye za 1997 zikuwawa masiku awiri oyambirira, pirira. Usayambe ndi CD yoyamba mpaka yachinayi ngati homuweki, yamba ndi Main Theme, imene imalira ukangotuluka mu Midgar n'kuona dziko lonse koyamba, mphindi zoposa zisanu ndi chimodzi, imayamba mwamtendere, pakati n'kuchita mdima ngati kukubwera mvula, kenako n'kutseguka. Ukatero pita ku Cosmo Canyon, Anxious Heart, Cid's Theme, J-E-N-O-V-A. Ukaona kuti wayamba kuziimba mluzu, lowa ku piyano. Distant Worlds ndi The Black Mages uzitola nyimbo imodziimodzi malinga ndi tsiku. Final Symphony uisunge, udzaimvere usiku wina magetsi atazima, foni ili chafufumimba, osachita china chilichonse. Za Remake ndi Rebirth uzimvera ukusewera, ndipo pa chimbale ungosankha khumi zako zapamtima.

Patapita sabata ananditumizira meseji kuti achimwene malipenga aja akumvekabe ngati apulasitiki. Ndisanayankhe inabweranso ina, akuti koma Cosmo Canyon waibwereza kasanu ndi kamodzi kuyambira m'mawa ndipo mayi akufunsa kuti ng'oma zimenezo n'za mtundu wanji.